Mtengo wa Kagemu Kumalire kwa Dziko

Marka ndi kumene dziko la Malawi limathera. Munthu wochokera ku Blantyre amatsika mapiri a Thabwa, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, n'kudutsa Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Tengani, ndipo akafika pa boma la Nsanje amakhala atatsala ndi makilomita ena oposa 20 kuti aponde kwathu, m'dera la mfumu Ndamera. Akapitirira pang'ono amangozindikira ali ku Vila Nova da Fronteira, m'dziko la Mozambique. Katundu aliyense wochokera kumtunda amayenda ulendo wonsewu asanatipeze, ndipo ulendowo sayenda ulele. Paliponse pamene wagona, mtengo wake umadzuka utanenepako. N'chifukwa chake mwana wa ku Marka amaphunzira msanga kuti mtengo wolembedwa pa bokosi ndi wina, ndipo mtengo umene munthu amalipira ndi winanso.

Mwa katundu yense amene ndamuona akufika kwathu, amene anandiphunzitsa bwino phunziro limeneli ndi kagemu ka m'manja, kaja kokhala ndi kagalasi ndi timabatani, kamene ana amasewera atawerama ngati akusankha mpunga. Wina anganene kuti nkhani ya zidole n'njopepuka kwa anthu amene amalimbana ndi madzi osefukira, chilala ndi njala. Koma ine ndapeza kuti kanthu kakang'ono kameneka kamanena zambiri za ndalama yathu, za misewu yathu, ndi za malo amene tikukhala pamsika wa dziko lonse lapansi.

Tiyambe ndi kumene tizipangizoti tinachokera. Kampani ya Nintendo inayamba mu 1889 mumzinda wa Kyoto ku Japan, ndipo ntchito yake yoyamba inali yopanga makadi osewerera. Patapita zaka 100, mu Epulo 1989, kampaniyi inatulutsa kagemu ka m'manja kotchedwa Game Boy. Ku Japan kankagulidwa ndi mayeni 12,500, ndipo ku America kanayamba kugulitsidwa chaka chomwecho pa mtengo wa madola pafupifupi 90. Amene ankatsogolera ntchito yokapanga anali katswiri wina dzina lake Gunpei Yokoi. Mkuluyu ankakhulupirira kuti nzeru zakale zimene zatsika mtengo zingathe kubala chinthu chatsopano ngati munthu aziganizira mwa njira ina. Motero kagalasi ka Game Boy kanalibe mitundu yowala, kanalibenso nyale, koma mabatire anayi ankakwanira kusewera maola 15 kapena kuposerapo. Kampani ina ya Sega inatulutsa Game Gear mu 1990, kagemu kokongola kwambiri, ka zithunzi za mitundumitundu, koma kankadya mabatire asanu ndi limodzi m'maola osapitirira asanu, ndipo ku America kanagulitsidwa pa madola 150. Mpikisanowo anapambana ndi wosadzikongoletsa uja. Game Boy pamodzi ndi mng'ono wake Game Boy Color anagulidwa oposa 118 miliyoni, pamene Game Gear anatsalira kutali.

Mu 1989 dola imodzi inali yosakwana K3, kutanthauza kuti Game Boy akanagulidwa ndi ndalama pafupifupi K250 asanakwere ngakhale sitima. Lero ndalama imeneyo ingaoneke yoseketsa, koma masiku amenewo inali chuma choti mlimi wa thonje aganize kawiri asanachitulutse m'mpango. Ndiponso kwathu zinthu sizinali bwino. Kutsidya kunali nkhondo, njanji ya ku Beira inali itaduka, ndipo Malawi anasunga anthu othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ambiri mwa iwo m'boma lathu la Nsanje. Mu 1992 kunagwa chilala choopsa, ndipo mabanja ambiri anapulumukira nyika za m'dambo la Dinde. Game Boy weniweni sindinamuone ndi maso anga m'zaka zonsezo.

Chimene chinatipeza ife chinali chimbale chake chotchipa, chopangidwa ku China, chotchedwa Brick Game. Mtendere utabwera ku Mozambique mu Okutobala 1992, njira zinatseguka, anthu anayamba kubwerera kwawo, ndipo amalonda anayamba kuyenda momasuka ndi zikwama zawo. Kagemu koyamba ka m'mudzi mwathu kanabwera ndi bambo anga aang'ono, amene ankapikula zitenje ndi mapatapata ku Limbe n'kumatsika nazo pa sitima. Ndinali mu Sitandade 5, chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, mu 1994. Kanali kotuwa, kopepuka ngati chikhokho cha dzungu, ndipo pamwamba pake panalembedwa kuti m'kati mwake muli magemu 9999. Bambo aang'onowo anati kanawadyera ndalama yoti akanagulira nkhuku ziwiri.

Sewero lalikulu la m'kagemuko linali lotsanzira Tetris, limene analipanga Alexey Pajitnov mumzinda wa Moscow mu 1984. Tinjerwa ta maonekedwe asanu ndi awiri tinkagwa kuchokera pamwamba, ndipo ntchito ya wosewera inali kutitembenuza ndi kutiyala kuti mzere udzaze. Mzere ukadzaza unkafufutika, koma ukasiya mipata khoma linkakwera mpaka kukutsekera. Ife ana a kumudzi, amene tinkaumba zidina ndi kuthandiza amisiri kumanga, sitinafune mphunzitsi. Tsiku lachiwiri tinali titazindikiranso kuti magemu 9999 aja anali ochepa chabe, ongobwerezabwereza, kusiyana kwake liwiro lokha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe nyererezo sizinatiletse kudya mkuyuwo.

Masana onse, dzuwa la kuchigwa likaswa mtengo, tinkasonkhana pansi pa nimu, mitu khumi pa kagalasi kamodzi. Panabadwa malamulo amene palibe anawalemba. Wofa ankapereka kagemu kwa mnzake popanda kuwiringula. Wa m'manja mwa mafuta a nsomba ankayamba wakasamba. Mlendo ankapatsidwa mwayi woyamba. Ana a mbali ina ya mudzi ankabwera ndi masau, mbatata yootcha kapena nzimbe kuti aloledwe kugwirako, ndipo umo ndi mmene ndinaonera koyamba kuti chinthu chikasowa, ngakhale kungochikhudza kumakhala ndi mtengo.

Koma mtengo waukulu unali usanaoneke. Kagemuko kankadya mabatire awiri ang'onoang'ono, ndipo mabatirewo akayamba kufooka tinjerwa tinkazilala ngati mapazi a pamchenga. Tinkawayanika padzuwa, ena ankawaluma ndi mano, ena ankawagogoda ndi mwala kuti atsitsimukeko, koma mapeto ake ankafa ndithu. Kugolosale kwathu mabatire ang'onoang'ono sankapezeka kawirikawiri, popeza anthu ankagula akuluakulu a wailesi ndi tochi. Mnyamata wina wa luso anatulukira njira yomanga mabatire akuluakulu awiri m'kabango, n'kulumikiza ndi timawaya. Nzeru imeneyi inabweretsa chimwemwe pansi pa nimu, koma inadzetsa milandu m'makomo, chifukwa miyala ya m'mawailesi a azibambo inayamba kutha modabwitsa. Kumbukirani kuti izi zinkachitika dziko litangochita riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994, nthawi imene bambo aliyense ankagona khutu lili pa wailesi.

Bambo anga anaweruza nkhaniyi usiku wina titatha kudya. Anati, "Ana inu, wailesi iyi imadyetsa makutu a nyumba yonse. Kanthu kanuko kamadyetsa maso a munthu mmodzi. Amene akufuna miyala akatole thonje kumunda, agule yake."

Agogo aamuna, amene kwathu m'Chisena timawatcha ayavu, anaseka n'kufunsa kuti, "Kodi iwe mdzukulu, kamakhala kakulira chiyani kanthu kako?"

Ndinayankha kuti, "Kamalira mabatire, agogo."

Iwo anati, "Ndiye kuti wagula chiweto chosaswa. Mbuzi imadya, koma imabala. Bawo langa ili lakhala zaka zambiri, silinandipemphepo kanthu."

Mawu amenewa ndawasinkhasinkha kwa zaka zambiri, ndipo ndaona kuti agogo anatchula mtengo wachiwiri wa chipangizo chilichonse, umene wogulitsa sautchula: mtengo wochidyetsa. Gunpei Yokoi ku Japan ndi agogo anga ku Marka sanadziwane, koma onse awiri anaona chinthu chimodzi, kuti kagemu kabwino ndi kamene mwini wake angathe kukasamala.

Magemu olumikiza ku wailesi ya kanema anali nkhani ina. Nintendo anatulutsa Famicom ku Japan mu 1983, ndipo ku America anaitcha NES mu 1985, chaka chimene kunabadwanso sewero lotchuka la Super Mario Bros. Makampani ena a ku Taiwan ndi China anayamba kupanga makina otsanzira, otchipa, amene anafalikira m'maiko osauka ndi maina osiyanasiyana: ku Russia ankati Dendy, ku South Africa kunatchuka Golden China. Ena mwa makinawa anafika m'Malawi m'masutikesi a anthu obwera kuchokera ku Joni. Koma kuti makina otere agwire ntchito pankafunika kanema ndi magetsi, ndipo Malawi analibe nyumba yakeyake youlutsira kanema mpaka mu 1999 pamene Television Malawi inatsegulidwa. Kwathu munthu wokhala ndi kanema ankayendetsa ndi batire la galimoto, limene ankalinyamula pa njinga kukalitchajitsa kutali. Panalibe bambo amene akanalola kuti batire lotero lithere pa kamunthu kodumphadumpha.

Nanga n'chifukwa chiyani zinthuzi zimafika kwathu zitakwera mtengo chotere, kapena osafika n'komwe? Chifukwa choyamba ndi ndalama. Palibe kagemu kamene kamapangidwa m'Malawi, choncho wamalonda ayenera kupeza madola kapena marandi asanaitanitse. Mu Febuluwale 1994 boma linasiya kwacha kuti ipeze yokha mtengo wake pamsika, ndipo dola imene inali pafupifupi K4.50 inafika cha m'ma K15 chaka chisanathe. Katundu yense wakunja anakwera katatu, makina ake osasintha ngakhale batani limodzi. Zoterezi zachitikanso masiku ano: kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chifukwa chachiwiri ndi misonkho ya pachipata ndi ya pogula, imene wamalonda amaisenzetsa wogula. Chachitatu ndi njira. Mu 1997 madzi anakokolola njanji ku Chiromo, ndipo sitima imene bambo aang'ono ankakwera sinafikenso kwathu. Katundu anayamba kudalira malole ndi matola pa misewu imene dzinja lililonse inkaduka. Chifukwa chachinayi n'chakuti ogula ndi ochepa. Wamalonda wanzeru sangamange ndalama zake pa kanthu kamene kangakhale pa shelefu chaka chathunthu, pamene sopo, mchere ndi shuga zimatha tsiku lomwelo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mu Juni 2025 Nintendo anatulutsa Switch 2 pa mtengo wa madola 450 ku America. Pa mtengo wa kubanki wa nthawi imeneyo, wa pafupifupi K1,750 pa dola, ndalamayo inali pafupifupi K790,000, tisanaikepo msonkho, thiransipoti ndi phindu la wogulitsa. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma mwezi womwewo anali K126,000 pamwezi. Wantchito wotere akanayenera kusunga malipiro a miyezi isanu ndi umodzi ndi kupitirirako, osadya, osalipira nyumba, kuti agule kagemu kamodzi kopanda sewero lililonse. Ndipo popeza madola ankasowa m'mabanki, amalonda ambiri ankawagula pamsika wamseri pa mtengo woposa kawiri. Mwana wa ku Tokyo ndi mwana wa ku Marka amaona chithunzi chimodzimodzi cha kagemuko pa foni, koma mtunda umene uli pakati pa maso ndi dzanja ndi wosiyana kwambiri.

Chimene chimandidabwitsa koposa ndi mmene zinthu zakale zasinthira mtengo. Ana amene ankasewera Game Boy ndi NES m'maiko olemera akula tsopano, ali ndi ndalama, ndipo akulakalaka ubwana wawo. Mu Novembala 2016 Nintendo anatulutsa kamakina kotchedwa NES Classic Edition, kokhala ndi magemu akale 30, pa mtengo wa madola 60. Kanatha m'masitolo nthawi yomweyo, ndipo anthu ochenjera amene anagula tambiri ankatigulitsanso pa mtengo wowirikiza kangapo. Mu Julayi 2021 kaseti imodzi yosatsegula ya sewero la Super Mario 64 inagulidwa pa okushoni ku America ndi madola oposa 1.5 miliyoni. Wogulayo sankafuna kusewera, chifukwa kutsegula bokosilo kukanagwetsa mtengo. Ankagula kusowa kwake. Apa mpamene munthu amaona kuti mtengo wa chinthu sukhala m'mawaya ake okha. Umakhalanso m'mitima ya ochifuna ndi m'matumba awo.

Kwathu zakale sizikhalitsa choncho. Kutentha kumadetsa timagalasi, mabatire oiwalika amatuluka madzi n'kudya zitsulo, ndipo zimene zapulumuka zimapita ndi Shire. Madzi a mu 2015, a namondwe Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anatenga nyumba, ziweto ndi miyoyo ya abale athu, ndipo pothawa palibe amene amakumbuka chidole. Kusunga chinthu zaka 30 m'bokosi lake n'kotheka kwa munthu amene denga lake silidontha. Choncho ngakhale pamsika wa zinthu zakale, wolemera ndiye amakolola.

Sindikunena kuti mwana wa ku Marka wa lero sasewera. Kagemu kake kalowa m'foni. Kuyambira pamene kampani ya Nokia inaika sewero la njoka m'mafoni ake mu 1997, lamya ya m'manja yakhala ikumeza ntchito za wailesi, tochi, wotchi ndi kagemu komwe. Makampani a ku China monga Anbernic ndi Miyoo akupanganso timagemu tooneka ngati Game Boy, totchajitsa ngati foni, totha kusewera magemu akale ambirimbiri, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi Switch. M'misika ya m'matauni ndi m'malo ochitira malonda muli tizipinda momwe anyamata amalipira kuti asewere mpira pa PlayStation yakale, wina atagula makina amodzi n'kumagulitsa mphindi. Ndi malonda omwe aja a pansi pa nimu, kungoti masau asanduka makwacha. Mbale za sola zachepetsa vuto la mabatire, koma mtengo wodyetsa uja sunathe. Wangosintha dzina, tsopano ukutchedwa kutchajitsa ndi bandulo ya intaneti.

Mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka, koyamba patapita zaka pafupifupi 40. Anthu anavina, ndipo ndi zomveka, chifukwa njanji imeneyi ndi njira yaifupi yochokera kunyanja yamchere. Ikadzalumikizidwanso mpaka kumtunda, Marka adzasiya kukhala kumchira kwa ulendo wa katundu n'kukhala pakhomo polowera. Komabe njanji imangofupikitsa njira. Siingalimbitse kwacha ngati dziko likupitirira kugula zambiri kunja kuposa zimene likugulitsa, ndipo siingasandutse wogula kukhala wopanga.

Apa ndiye pagona nkhawa yanga. Kwa zaka zoposa 30 takhala tikulandira zotsanzira, zotsala ndi zotha ntchito za anzathu, n'kumazilipira mokwera kuposa eni ake. Mnyamata uja amene anamanga mabatire m'kabango anali ndi mutu wa umisiri, koma sanapeze sukulu yomuonetsa chimene chili kuseri kwa kagalasi. Alexey Pajitnov anapanga Tetris pa kompyuta yofooka kwambiri kuposa foni yotchipa ya lero, imene inalibe ngakhale mphamvu yojambula zithunzi, moti tinjerwa take toyamba anatipanga ndi zizindikiro za zilembo. Chimene anali nacho ndi masamu ndi chidwi. Zinthu ziwirizi sizilipira msonkho pachipata chilichonse. Ife tili ndi bawo, sewero lofuna kuwerengera kozama, limene makolo athu analisunga popanda batire. Tili ndi phada, fulaye, nthano za kalulu ndi fisi, ndi mbiri ya M'bona wa ku Khulubvi. Zonsezi zikudikira mwana amene adzaphunzire chilankhulo cha makompyuta n'kuziika pa kagalasi m'Chichewa kapena m'Chisena.

Inu ophunzira anzanga, sindikukuletsani kusewera. Sewero limanola maganizo, limaphunzitsa kudekha, ndipo pansi pa nimu paja tinaphunzira kudikirana ndi kugawana kuposa mmene tinaphunzirira m'kalasi. Koma mukaona kagemu pa tebulo la venda ku Limbe kapena pa chithunzi cha pa WhatsApp, muziwerenga mitengo itatu. Woyamba ndi umene akukuuzani, ndipo mufunse ngati chinthucho n'chenicheni kapena chotsanzira, popeza safunsa anadya phula. Wachiwiri ndi wochidyetsa ndi kuchikonza, ndipo mudziwiretu ngati pali mmisiri pafupi amene angachitsegule chikafa. Wachitatu ndi wa zimene mukusiya kuti muchigule: fizi ya teremu, buku la masamu, thumba la chimanga la mwezi wa Febuluwale, ndiponso maola amene mayeso a Fomu 4 adzakufunsani. Mukawerenga itatu yonseyo n'kuona kuti mungathe, gulani ndipo musewere ndi anzanu. Ndipo tsiku limene kagemuko kadzaleke kuyaka, musakataye kudzala. Tengani sikuludiraiva, mukatsegule bwinobwino, muone mmene anzathu anakalukira, chifukwa tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.